Kazitape wa M'mphika Wanga

Iyayi, sanaiwale. Munthu amaiwala chimene ankachidziwa. Alamu anga aja mabisiketi a koko sanawadziwepo chibadwire chawo, ndiye aiwala chiyani? Yamba ndi zimenezo, iwe mkazi mnzanga, ndipo ulembe mmene ndikuyankhuliramu, usakometsere ayi.

Tawerenganso uthengawo pang'onopang'ono. Eya. Ndiye kuti wolembayo ndi mdzukulu wa alamu anga a ku Liwonde, achemwali awo a agogo ako aamuna amene iwe sunawaone. Akuti akumanga ndowa anthu akatha kugulitsa thonje. Ukuseka chiyani? Si ndowa yotungira madzi, ndi ukwati wa Chisilamu umenewo. Ndipo akufuna pa tsikulo alendo adzadye makuki akuda aja amene anganga ake, alamu angawo, ankatchuka nawo kale, koma anganga akuti ukalamba wawaiwalitsa kaphikidwe kake, ndiye mwina ine ndikukumbukirako poti ndinkawathandiza. Ndinkawathandiza! Ineyo! Ndipo akuti mphika wa anganga ulipo, nachi chithunzi.

Bweretsa kuno foniyo. Kulitsa ndi zala zakozo, maso angawa achita nkhungu. Waliona khutu lakumanzereli, lomangidwa ndi waya? Waya ameneyo anamanga ndi bambo anga, ine nditaupana mphikawo ndi maondo kuti usagwedezeke. Anthu amenewa akhala akunditumizira mawu akuti mphikawu unapita ndi madzi osefukira. Lero mwana wawo yemwe waujambula, uli bwinobwino pakhonde, pambali pa mtondo. Ndi wanga umenewo, ndipo ndikuufuna ndisanafe. Lemba.

Bambo anga anali khukhi. Inu mukati makuki mukunena zodya, ife tikati khukhi tinkanena munthu, ndiye muzisamala pakamwa. Ankaphikira mzungu wina wa njanji ku Balaka. Ufulu utabwera mzunguyo anapakira zabwino zonse, n'kuwasiyira bambo mphika wachitsulo wa miyendo itatu, wa chivindikiro cholemera chokhala ndi mlomo m'mbali kuti makala asamagwe. Anabwera nawo kuno ku Rivirivi ataumanga pa njinga, amayi anga akuwanyoza kuti anzanu azungu awo awasiyira mawailesi, inu mwabwera ndi chitsulo choti tizipunthwa nacho. Pa Khirisimasi bambo anangotiphikira mabisiketi a koko, amayi n'kukhala chete mpaka chaka chatsopano.

Pansi pa mphikawo ankathira mchenga wa mumtsinjemu, wotsuka, wouma, pamwamba pa mchenga chidutswa cha lata chopaka mafuta. Makala pansi, makala pachivindikiro. Majarini ndi shuga kutakasa ndi mthiko mpaka dzanja lichite dzanzi, kenako dzira, fulawa, kasoda, kamchere, pomaliza koko, ufa woderapo uja wa m'chitini umene ankagula kwa amwenye. Kupapatiza mtandawo ndi botolo, kudula ndi kukamwa kwa kapu. Zophweka, ngakhale iwe waulesiwe ungathe. Vuto lake ndi limodzi. Mabisiketi wamba amakuuza okha ndi nkhope kuti tapsa ife. A koko amabadwa akuda. Aawisi ndi akuda, akupsa ndi akuda, opserera ndi akuda. Ndiye bambo asanathire koko ankabudula kamtanda kakang'ono n'kukasiya koyera, kukaika pakati pa anzake akudawo. Ukatsegula chivindikiro suyang'ana akuda, umayang'ana woyerayo. Akayamba kufiira m'mbali, phula onse.

"Uyu ndi kazitape," ankatero bambo. "Amagona nawo limodzi, moto akumva umodzi, koma za anzake amakanena kwa bwana."

Ife tinkaseka. Linali dzina la m'khitchini chabe, ngati mmene iwe umatchulira mbuzi yathu ija kuti mfumukazi.

Agogo ako anandiona pamsika ndikugulitsa zitumbuwa. Anali ogulitsa nsomba zouma, a njinga yawoyawo, aulemu, oyankhula pansipansi. Ine ndinkayesa ufulu wa mtima, sindinadziwe kuti ndi mantha. Anapempha kuti anditenge chitengwa ndikakhale kwawo ku Liwonde poti ntchito yawo inali ku mtsinje wa Shire. Amalume anavuta, kenako analola. Bambo anga anali atayamba kale kudwala chifuwa. Tsiku lonyamuka anandisenzetsa mphikawo okha, ndi kansalu ka mchenga wa kuno, ati kumeneko kuli matope okhaokha. Sanakhalitse, anamwalira mvula isanagwe.

Kumeneko mwamuna weniweni pakhomo anali achemwali awo. Mayi wamtali, wa ndolo pamphuno, mawu ngati akuyankhulira mumgolo. Anali atcheya a amayi a chipani m'dera lonselo. Iwe sungamvetse. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, ndipo mayi ameneyo akaima pakhomo pako kuti mawa kuli zoyeserera gule, unkasiya mwana akudwala n'kupita. Aliyense ankadziwa kuti mawu akagwa pachitsime, madzulo afika kale ku ofesi, ndipo aliyense ankadziwa mwendo umene wawafikitsa. Koma palibe ankanena.

Pa Idi yoyamba ndinati ndiwasangalatse apongozi, ndinaphika mabisiketi anga. Alamu anangoyang'ana m'mbalemo n'kukweza mphuno.

"Achimwene, mkazi wanu wa ku tchalitchiyu watipsereza. Kwawo amadya makala?"

"Talawani kaye, alamu," ndinatero.

"Ngwamba, ine mano anga ndimawafuna."

Ngwamba ndiye kuti iyayi, m'Chiyao. Koma titabwera kotsuka mbale tinawapeza kuseri kwa nkhokwe, tsaya lili tuu, zinyenyeswa zakuda pa chibwano. Ndikanakhala wanzeru ndikanayang'ana kumbali. Ine ndinaseka. Mawa lake anatuma kuti ndiwabwereke mphikawo aphikiremo chambo cha alendo. Ndinakana mwaulemu ndithu, ndinagwada, ndinati alamu, chitsulo chimasunga fungo, mukaphikamo nsomba mabisiketi azinunkha Shire mpaka kalekale. Anati chabwino. Anamwetulira. Mano oyera mbee.

Tsono inafika nyengo yozizira, chisangalalo cha ufulu chija cha mu Julaye. Anatiuza kuti kubwera alendo akuluakulu a chipani ochokera ku boma, mayi aliyense aphike chimene amachidziwa. Ine anandiuza alamu omwewo kuti ndiphike zakuda zanga zija, fulawa ndi koko agula a chipani. Tinasonkhana pabwalo la kwa alamu kutatsala tsiku, ena akupeta mpunga, ena akusosola nkhuku, ine pambali ndi makala anga. Mwana wanga woyamba, amayi akowa, ali kumsana. Kunali kuseka, kunali nyimbo. Nditatsegula chivindikiro mayi wina wachikulire, wabwino mtima yekha, anasuzumira.

"Nanga kamodzi koyeraka, koko anakutherani?"

"Iyayi amayi, ameneyo ndi kazitape."

"Ndani?"

"Kazitape. Mphika uliwonse umakhala ndi wake. Amakhala pakati pa akudawa ngati mnzawo, koma ntchito yake ndi kundiuza za anzake. Akangofiira basi, ndimadziwa kuti onse apsa."

"Nanga iyeyo mumatani naye?"

"Aa, akatha ntchito ndimangowaponyera nkhuku."

Ndinaponyadi. Nkhuku zinalimbirana. Ndiye ndinamva kuti lichero lasiya kulira. Wopeta wasiya kupeta, wososola wagwira nkhuku m'manja osasosola. Palibe anayang'ana alamu, ndipo kusawayang'anako ndiye kunali kuwayang'ana kwenikweni. Mtsikana wina anadziluma mlomo, kuseka kunam'tulukira m'mphuno. Walahi, monga amalumbirira kwawoko, ine mumtima munalibe kanthu, ndinkanena za mtanda wa fulawa. Alamu anangoti, "Pitirizani ntchito amayi, dzuwa likupita."

M'mawa wa chisangalalocho ndikusesa, anafika anyamata a malaya ofiira, a chipani aja. Anatenga dengu la mabisiketi, anakhuthula mchenga wa bambo anga pansi akuti ndi mankhwala, n'kundisenzetsa mphika ndi chivindikiro chake. Chitsulo chimenecho n'cholemera ngati mwana wa ng'ombe, ndipo sanandilole kupinda nkhata. Ndinayenda nawo mumsewu waukulu, mwana kumsana akulira, anthu ovala zatsopano akupatuka ngati ndili ndi khate. Agogo ako? Anali kuseri akupopa njinga. Tayala linali lokhuta kale, koma anapopabe mpaka tinakhota.

Ku ofesi anandikhazika pa dzuwa, mphika patsogolo panga. Atcheya aamuna anakhala pa mpando, alamu ataima pambali pawo atavala nsalu ya chipani, nkhope yachisoni ngati ali pamaliro a mwana wawo.

"Mayi, tsiku la ufulu mwaphika zakuda. Mukulira maliro a ndani?"

"Ndi koko, bwana, amakhala choncho."

"Pakati pa akuda mwaika woyera. Mukufuna azungu abwerere?"

"Iyayi bwana, ameneyo amangondiuza ngati..."

"Amakuuzani! Ndipo mwati akafiira anzake onse apsa. Ofiira ndi ati m'dziko muno?"

Ndinayang'ana malaya a anyamata aja.

"Ndipo mwati akatha ntchito mudzamuponyera nkhuku. Mumanena ndani?"

Pamenepo alamu anapukuta diso louma ndi nsonga ya nsalu. "Ine ndi mlamu wanga, bwana, ndimam'konda. Koma chipani ndimachikonda koposa."

Masiku amenewo mawu ochepa kuposa amenewo ankam'tengera munthu kumene sabwerako. Ndinkamva mkaka ukutuluka wokha, kunyowetsa bulauzi. Chinandipulumutsa ndi umbombo wawo. Alendo a ku boma atafika, mkazi wa bwana wamkulu anamva fungo m'dengu muja, anafunsa kuti muli chiyani, anamuuza kuti ndi umboni wa mlandu. Anatenga umboni umodzi n'kuluma. Anatenganso wina. Bwana wake naye anatenga, atcheya anatenga, anyamata aja anatenga, pofika masana umboni unali utatha, kwatsala dengu. Mlandu wopanda umboni unawavuta. Anangondiimiritsa pamaso pa gulu lonse kuti ndilape, ndinene mokweza kuti m'mphika mwanga simudzalowanso choyera ndipo mawu aja sindidzawatchulanso. Ndinanena. Amayi anaimba nthungululu, poti anauzidwa kutero. Mphika anati utsale ku ofesi mpaka akuluakulu aganize.

Akuluakulu ake anali alamu. Sabata isanathe mphika wa bambo anga unali pa mafuwa awo.

Agogo ako anandiperekeza kuno ku Rivirivi, ati ndikhale kaye mpaka zizizire, adzanditenga. Anandisiya pa msewu, sanafike n'komwe pakhomo kudzapereka moni kwa amalume. Zinazizira, zinatentha, zinaziziranso, munthu osaoneka. Kenako ndinamva kuti achemwali awo awapezera mkazi wina wa ku Ngokwe, wosaphika zakuda. Amayi ako anakula osam'dziwa bambo wawo. Agogo akowo anapita kale, Mulungu awaweruze yekha, sindiwataira mate. Anali nkhuku yonyowa basi. Ine mlandu wanga uli ndi amene anaikola nkhukuyo.

Ndipatse madzi. Ukulembabe? Tsopano tafika pokoma.

Chaka chinazungulira, thonje linayera, mphepo ya Juni inayamba. Tsiku lina ndikutola thonje m'munda wa amalume, ndinaona munthu wamtali akubwera m'kanjira, nsalu ya chipani, ambulera m'manja. Alamu. Anabwera ndi kamtolo ka usipa, ati ka mwana. Ndinawayalira mphasa, ndinawapatsa madzi, ndinagwada powapatsa moni. Ulemu wonse ndinachita, usachotse pamenepo. Anazungulira, anafunsa za mvula, za chifuwa cha mwana, kenako zinatuluka. Mkazi wa bwana wamkulu uja sanaiwale. Anatumiza mawu kuti chaka chino akufuna mabisiketi akuda aja, dengu lodzaza, akubwera ndi anzake ochokera ku tauni. Ndipo poti mphika ankauona kwa alamu, iye ankayesa kuti wophika ndi alamu. Alamu sanam'tsutse.

"Ndiye mlamu wanga, zakale zinapita. Tandiuzani mmene mumachitira."

"Nanga mphika wanga, alamu?"

"Ukadali m'manja mwa chipani. Chisangalalo chikatha ndidzakubweretserani ndekha, inshala."

Ndinawayang'ana ndolo ya pamphuno ija ikunyezimira. Ndinaganiza za msewu uja, chitsulo pamutu popanda nkhata. Ndinaganiza za mchenga wa bambo anga uli pansi, anyamata akuupondaponda. Mtima wanga unakhala phee, ngati madzi a mumtsuko.

Ndinawauza zonse. Sindinaname kanthu ngakhale kamodzi, lemba zimenezo ndi zilembo zazikulu. Majarini, shuga, dzira, fulawa, soda, mchere, koko. Ndinawatsogolera kumtsinje, ndinawatapira mchenga ndi manja anga, ndinawamangira pa nsalu. Makala pansi, makala pamwamba. Ankangogwedeza mutu. Titafika pa msewu anaima, anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Nanga kaja... koyera kaja?"

"Kati, alamu?"

"Kaja munkaika pakati."

"Mayo ine! Alamu, mukufuna kundibwezera ku ofesi? Ine ndinalapa pamaso pa anthu, inu muli pomwepo. Kapena mukufuna mukaike inuyo, atcheya athunthu, woyera pakati pa akuda, tsiku la ufulu?"

"Ngwamba, ngwamba! Ndimangofunsa."

"Musafunse, mitengoyi ili ndi makutu. Si inu munatiphunzitsa?"

"Tsono ndidzadziwa bwanji kuti apsa?"

"Aa, n'zosavuta. Si mabisiketi akuda? Mudzadikire ade bwinobwino."

Basi inabwera, anakwera. Ine ndinabwerera kumunda ndikuimba, amalume mpaka anafunsa ngati ndamwa.

Pa tsikulo midzi yonse inkayenera kupita kukavina, lole ya chipani inkatitenga. Zaka zina anthu tinkabisala m'chimanga, koma chaka chimenecho ndinali woyamba kukwera, nsalu yochapa, mwana ndasiya kwa amayi. Ku Liwonde ndinakhala kutsogolo kwenikweni kwa amayi, pamene ndinkaona tebulo la alendo. Anayala nsalu yoyera, makapu a tiyi a maluwa obwereka kwa amwenye. Kenako alamu anatulukira atanyamula thireyi m'mwamba, akuyenda monyang'wa, amayi awo a chipani akuwaimbira m'mbuyo. Mabisiketi ali mulu, okongola ndithu, ozungulira bwino, akuda bii. Ndi maso sukanadziwa kanthu. Koma mphepo inkachokera kumeneko, ndipo mphuno yanga ndi ya mwana wa khukhi. Ndinangoti mumtima, bambo, tadzukani muone.

Mkazi wa bwana anayamba wawatamanda kwa anzake a ku tauni, akuloza alamu, ati mayi uyu manja ake ndi a golide. Alamu anagwada, akumwetulira. Mayiyo anasankha yaikulu, anaiika pakamwa. Inalira kuti khoo, ngati waluma mwala wa mumpunga, tonse tinamva. Anatseka maso. Kulavula sakanatha, anthu onse akumuona, ndiponso pamwamba pa mutu wake panapachikidwa chithunzi cha mwini dziko. Anatafuna. Anzake a ku tauni poona iye akutafuna, nawonso anatenga. Bwana wamkulu anaponya yathunthu m'kamwa, anatsamwa, anakhosomola, fumbi lakuda linagwera pa nsalu yoyera ija ndi pa tayi yake. Wina anayesa kuviika mu tiyi, tiyi anasanduka ngati madzi a m'chithaphwi. Ndipo bwanayo ataimirira kuti ayankhule, atatsegula pakamwa kuti atchule ufulu, mano onse anali akuda ngati wadya dothi la kudambo. Anthu mazanamazana, aliyense akuyang'ana zala za kumapazi kwake, mapewa okha akugwedezeka.

Atcheya aamuna aja, omwe aja anandifunsa za maliro, anatembenukira kwa alamu.

"Mayi, alendo a boma mwawadyetsa makala. Mwatumidwa ndi ndani?"

Alamu anayang'ana m'gulu, anandipeza. Pakamwa panatseguka. Akanati chiyani? Akanati wandimana kazitape? Atchule mawu amenewo pamaso pa bwana wa mano akuda? Akanati wophika weniweni si ine, ndinanama? Ndinawayang'ana m'maso, ndinawerama pang'ono mwaulemu, monga mlamu amachitira. Anatseka pakamwa.

Anawauza kuti poti aphika okha, adye okha. Anakhala pansi pa fumbi, thireyi pamiyendo, akukukuta imodziimodzi, misozi yeniyeni tsopano, osati ya nsonga ya nsalu ija. Ng'oma zinayamba. Mwana iwe, ine sindinavinepo ngati tsiku limenelo. Chiuno ichi, chimene lero chikulira ngati chitseko, chinkazungulira chokha. Ndinkavina kufupi ndi iwo, fumbi la mapazi anga likugwera mu thireyi. Mpaka mkazi wa bwana ananditumizira botolo la zakumwa, ati mayi uyu ndiye wokonda dziko lake. Ndinamwa pang'onopang'ono alamu akuona.

Utcheya anawachotsa sabata yomweyo. Ukundiyang'ana choncho bwanji? Ukufuna ndinene kuti ndinawamvera chisoni? Iyayi. Iwo anataya mpando, ine ndinataya banja, ndipo iwo anagonabe m'nyumba mwawo, mphika wanga uli pa mafuwa awo. Nditatuma amalume kuti akautenge, anawabweza ndi mawu akuti ndinawalodza, ndiye mphikawo ndi chipepeso chawo. Zipani zitachuluka, mantha atatha, ndinatumanso amayi ako. Ndi pamene anayamba za madzi osefukira. Ndinakwatiwanso, ndinabereka ena, ndinaphika mabisiketi m'zitini za mafuta, m'mapoto obooka, pa Khirisimasi iliyonse, koma sanakomepo ngati a mumphika uja. Chitsulo chopyapyala chimapsa mtima msanga. Ndipo nthawi yonseyi kumeneko adzukulu akukula akumva kuti anganga awo ndiwo ankaphikira mabwana mabisiketi mpaka mkazi wa bwana kunyambita zala. Za makala sanawauze, eti? Auzeni tsopano.

Tsopano lemba izi kwa mtsikanayo, mawu ake asinthe, akhale ofewa, iye sanandilakwire.

Mwana wanga, ndamva za ndowa yako, ndakondwera, Mulungu akupatse mwamuna wosapopa njinga anzake akamatengedwa. Zofunika zonse ndakuuza m'nkhanimu, ngakhale za kazitape, amene masiku ano ungam'tchule pamsika popanda wokugwira. Koma usadzivute kuyesa wekha. Sindinakuuze kuti fulawa wochuluka bwanji, shuga wochuluka bwanji, ndipo sindingathe, poti sikelo yanga ndi dzanja ili ndi kapu ya bambo anga yophwanyika m'mbali, imene anyamata aja anaiiwala. Kapu ili kuno, mchenga uli kuno, dzanja lili kuno. Kumeneko kuli mphika wokha, ndipo mphikawo ndi wakuba.

Ndiye uchite chonchi. Nkhani yonseyi uwawerengere anganga ako mokweza, pakhonde, ana awo ndi adzukulu ali pomwepo. Ndamva kuti maso anafa koma makutu akadali akuthwa, sindikudabwa, makutu amenewo ndiwo anali munda wawo. Ukatha, muwakweze minibasi ya ku Balaka pamodzi ndi mphikawo. Musatume mnyamata wa kabaza, musatume amalume ako, ndikufuna iwowo. Sindine woipa ngati iwo, sindikuti ausenze kuchokera ku Liwonde. Kuchokera pa mtengo wa bwemba wa pamsewu kufika pakhomo panga pokha. Ngati khosi lawo latha, augwire khutu limodzi, la waya lija, iwe ugwire linalo. Nkhata ndiwapatsa, ine nkhata sindimana munthu. Akafika anene pamaso pa ana anga kuti mphika uwu ndi wa bambo ake a mayi uyu, ndinautenga ndi bodza. Mawu amenewo okha, sindikufuna misozi, misozi yawo ndinaiona mitundu yonse iwiri.

Akatero, ine ndidzakuphikira mabisiketi a ndowa yako, dengu lodzaza, oti apongozi ako adzakuopa. Ndidzakuphunzitsa ndi dzanja langa pa dzanja lako mpaka udziwe. Mphika ukatha ntchito utsala kuno, ndipo ndikafa ndi wa uyu akulembayu, ngakhale ndi waulesi. Akakana kubwera, alendo ako adye mandasi ogula, ndipo ukafuna wom'kwiyira ukudziwa khonde limene amakhala.

Ndipo uwauze kuti sadzabwerera ndi njala. Mphika woyamba ukapsa, akuda onse ndi a alendo, koma woyera uja, kazitape, nkhuku zanga sizidzamulawa. Ndidzamuika pa mbale ya maluwa, ndidzagwada, ndidzawapatsa alamu anga ndi manja awiri, adye mnzawo.

Wamaliza? Usandiwerengere, ndikudziwa zimene ndanena, ndipo ukachotsa za mano akuda ndidzamva. Chithunzi cha mphikacho uchisunge bwino, angadzanenenso za madzi osefukira. Mayi ameneyo ndi wamkulu kwa ine, chifuwa chake akuti chikulira usana wonse, asandithawe ndi mphika wanga. Dina pamenepo, tumiza pompano ndikuona.